Anthu awiri pa nkhope imodzi: ulendo wotsata zithunzi za kabuki ku Japan

Lolemba, Jimbocho, Tokyo

Kuzizira kwa kuno n'kolasa m'mafupa. November akupita kumapeto ndipo mitengo ya m'mbali mwa misewu yasanduka yachikasu. Akundiperekeza pa ulendowu ndi aphunzitsi anga akale a masamu, mayi a ku Japan konkuno amene anabwera kwathu kudzagwira ntchito mongodzipereka, monga akhala akuchitira anzawo ambiri kuyambira 1971. Chichewa sanachitaye, ndipo mpaka lero amati "mwana wanga" akamandiitana.

Jimbocho ndi dera la mashopu a mabuku akale, ndipo ena mwa mashopuwo amagulitsanso ukiyo-e, zithunzi zodinda ndi matabwa osema. Kunja kwa Japan zimene zinatchuka ndi funde la wojambula Hokusai ndi phiri la Fuji. Koma madirowa amene bambo a m'shopu ina anatitsegulira anali odzaza ndi nkhope za amuna ochita kabuki, zisudzo zamakolo za ku Japan zosakaniza sewero, nyimbo ndi kuvina. Zithunzi zamtunduwu amati yakusha-e, ndipo m'masiku amene Tokyo ankatchedwa Edo zinkatuluka zambiri kuposa za mapiri ndi nyanja. Mtengo wake unali pafupifupi wa mbale imodzi ya soba, chakudya wamba chonga supageti, moti ngakhale wantchito wa m'nyumba ankatha kugula nkhope ya katswiri wa pamtima pake n'kukamata pakhoma.

Anatiyalira chimodzi cha Utagawa Kunisada, amene anamwalira mu 1865. Mwamuna wovala zakuda bii, ambulera m'manja, chitoliro chotsomeka pa lamba kumbuyo, kumutu atamanga kansalu kapepo. Bambo aja pepala sanalikhudze, anangoloza mfundo ya kansaluko chala chili patali. Mfundoyo ili kumanja, ndiye ameneyu ndi Sukeroku, mnyamata wa m'sewero, wamangolomera ndi wotchena, amene akazi a ku Yoshiwara, dera la nyumba zosangalatsa amuna ku Edo, ankamulimbirana. Kansalu komweko mfundo yake ikakhala kumanzere, ndiye kuti munthuyo akudwala, kaya matenda enieni kaya chikondi. Kenaka analoza timabokosi titatu tojambulidwa pa chovala, kena m'kati mwa kanzake. Ndi miyeso ya mpunga, chizindikiro cha banja la ochita zisudzo la Ichikawa Danjuro.

"Mwana wanga, papepala apa pali anthu awiri," anatero aphunzitsi. "Wa ambulera ndi chitoliro ndi Sukeroku. Wa timabokosi ndi Danjuro. Wogula ankapereka ndalama kuti awaone onse awiri nthawi imodzi."

Ojambula oyamba, a banja la Torii, ankapatsa aliyense nkhope imodzimodzi, kotero wosadziwa zizindikiro za mabanja sakanadziwa kuti akuyang'ana ndani. Mphamvu za ngwazi ankazionetsa m'miyendo yotupa ngati zipanda ndi m'mizere yopindikapindika ngati nyongolotsi. Nkhope zofanana ndi eni ake zinayamba ndi Katsukawa Shunsho m'zaka za m'ma 1760, koma chizindikiro pa chovala sichinachoke.

Lachiwiri, Mejiro

Lero tinali ku Adachi Institute, kumene amadindabe zithunzi zakale m'njira yakale yomweyo. Chithunzi chimodzi chinkadutsa mwa anthu anayi. Wosindikiza ndiye anali mwini ndalama, wosankha sewero ndi katswiri woti ajambulidwe. Kenaka wojambula, wosema ndi wodinda. Dzina limene timalidziwa ndi la wojambula, chonsecho chojambula chake chenicheni chinkathera pa thabwa. Wosema ankachimata chafufumimba pa thabwa la mtengo wa cherry n'kumasema m'mbali mwa mizere mpaka pepala lonse kutha. Mtundu uliwonse unali ndi thabwa lakelake, ndipo timipata tiwiri ta m'mphepete mwa thabwa, totchedwa kento, ndito timachititsa kuti pepala ligwere pamalo omwewo kakhumi kapena kupitirira apo. Zithunzi za mitundu yambiri chonchi zinayamba mu 1765.

Wodinda anakhala pansi, thabwa lili patsogolo pake mopendekeka pang'ono. Anadontheza utoto, anaonjezera kadontho ka phala la mpunga, anasesa ndi burashi, n'kugwetsera pepala lonyowerera m'timipata tija. Ndiye anayamba kulitikita kumsana ndi baren, kachipangizo kobulungira kokutidwa ndi khungu la nsungwi. Mphamvu imachokera m'phewa, makina palibe. Atasenda pepalalo, kufiira kunali kutalowerera m'kati mwa ulusi wake mpaka kumaonekera kumbuyo.

Amene anandiimitsa nthawi yaitali ndi Toshusai Sharaku. Iyeyu anatulukira m'mwezi wachisanu wa 1794 ndi nkhope 28 zikuluzikulu, wosindikiza wake ali Tsutaya Juzaburo, amene chidindo chake ndi tsamba pansi pa phiri la Fuji. Patatha miyezi pafupifupi khumi anali atasiya, zithunzi zake zitakwana pafupifupi 140. Akatswiri ambiri masiku ano amati anali Saito Jurobei, wochita noh, mtundu wina wakale wa zisudzo za ku Japan.

Chotchuka kwambiri ndi cha Otani Oniji wachitatu akusewera Edobei, chigawenga chobwera kudzalanda ndalama. Khosi walisololera kutsogolo, milomo waifumbata mpaka yasanduka kamzere kamodzi, maso ali tong'o, m'mbali mwake mutapakidwa zofiira. Manja atulukira pachifuwa cha chovala, zala zili zotambasuka, ndipo ndi aang'ono kwambiri poyerekeza ndi mutu. Alipo amene amati Sharaku manja sankawatha. Ine ndikukana. Manja aakulu akanatilanda maso, pamene awa akungokwanira kutiuza kuti munthuyu watsala pang'ono kumbwandira mnzake, n'kutibwezera ku nkhope. Kumbuyo kwake kulibe nyumba kapena mtengo, kuli mdima wa fumbi la mwala wa mica umene umathwanima ukapendeketsa pepala. Chithunzichi chili ndi chinzake, cha Ichikawa Omezo akusewera Ippei, wolandidwayo, akusolola lupanga nkhope ili yothedwa nzeru. Ukaziika pamodzi zimayang'anizana.

Chimene Sharaku anasemphana nacho ndi ogula n'chakuti sankakometsa. Mwamuna wosewera mkazi ankamusiyira chibwano ndi mphuno zake zachimuna, makwinya a ukalamba osabisa. Wolemba wina wa nthawi yomweyo anati anafuna zoona mopitirira muyeso, n'chifukwa chake sanakhalitse. Mwa anthu awiri amene aphunzitsi ananena dzulo, iye anakokera kwa wachiwiri, munthu weniweni wa pansi pa utoto, ndipo kwa ine ukulu wake wagona pamenepo. Dzina lake linadzukanso mu 1910 pamene Mjeremani Julius Kurth analemba buku lonena za iye.

Lachitatu, Kabukiza

Nyumba ya zisudzo ya Kabukiza ku Higashi-Ginza inatsegulidwa mu 1889, ndipo imene ilipo lero ndi yachisanu, ya 2013. Pulogalamu yonse imatenga maola anayi kapena kupitirira, koma pansanjika yachinayi amagulitsa matikiti a gawo limodzi lokha. Tinagula amenewo.

Nkhani itafika pachimake, katswiri anaponda phazi limodzi kutsogolo, anatambasula mkono, anazunguza mutu n'kuuimika nji, diso limodzi atalikokera kumphuno. Pambali pa nsanja munthu wovala zakuda anamenya timitengo tiwiri pa thabwa mwamphamvu. Kaimidwe kameneka amati mie. Maso opingasa amene adzaza m'zithunzi zija ndi a kanthawi kameneka: sewero limadziimitsa lokha kukhala chithunzi, wojambula amangotola.

Utoto wa kumaso nawo uli ndi malamulo ake. Mizere yofiira pa nkhope yoyera ndi magazi otentha, mphamvu ndi mkwiyo wa munthu wolungama, ndipo imatsata mmene mitsempha ndi minofu zimatupira. Mizere yabuluu ndi ya magazi ozizira: nduna yoipa mtima, mzukwa, nsanje. Yabulauni ndi ya zosakhala anthu, monga ziwanda ndi kangaude wosanduka. Koma nkhope yonse ikafiira psuu popanda poyera, ameneyo si ngwazi, ndi kapolo wa munthu woipa, wotumidwa kukamenya anthu. Kuchokera kumwamba kumene tinakhala, maso ndi milomo sizimaoneka bwino, koma mizere imaoneka. Masewero amphamvu amenewa anawayambitsa Ichikawa Danjuro woyamba, wobadwa mu 1660.

Mie uja ali m'kati, amuna ena pafupi nafe anafuula. Dzina limene amafuula si la munthu wa m'nkhani, ndi la nyumba ya katswiriyo. A banja la Danjuro amawafuulira kuti "Naritaya", kuchokera ku kachisi wa ku Narita kumene Danjuro woyamba anakapempha mwana wamwamuna. Dzina la Danjuro limalowedwa, ndipo amene ali nalo lero ndi wa nambala 13, analowa mu November 2022. Anthu amati akakuyang'ana ndi diso lija sudwala chimfine chaka chonse.

Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza kabuki ndi Gule Wamkulu chaka chimodzi, ndipo n'zosatheka kuona nkhope zopakidwazi osakumbuka pabwalo kwathu, pamene mtundu ndi kapangidwe ka chigoba zimauza anthu khalidwe la chilombo chisanayambe n'kuvina komwe. Koma pa chinthu chimodzi tili kutali ndi kutali. Kwathu chilombo ndi chilombo, za munthu sizitchulidwa, mwambo wake ndi womwewo. Kuno munthu wam'katiyo amamuitana dzina mokweza sewero lili m'kati, ndipo akapanda kuitanidwa ndiye kuti sanagwire mitima.

Lachinayi, Sengakuji ndi Asakusa

Pa kachisi wa Sengakuji utsi wa zofukiza suleka. Apa m'pamene anagona Asano, mfumu ya ku Ako, ndi asilikali ake. Mu 1701 Asano anatema nduna ina, Kira, m'nyumba ya wolamulira dziko, ndipo analamulidwa kudzipha tsiku lomwelo. Asilikali ake 47 anadikira mpaka kumayambiriro kwa 1703 mwa kawerengedwe kathu, analowa m'nyumba ya Kira usiku wa chipale chofewa, n'kubweretsa mutu wake pamanda a mbuye wawo. Nawonso analamulidwa kudzipha. Tinagula mtolo wa zofukiza pachipata n'kumaika pamwala uliwonse, monga amachitira aliyense.

Boma silinkalola kuti nkhani ya akuluakulu a nthawi yomweyo ichitidwe sewero. Ndiye sewero la Kanadehon Chushingura, la 1748, linasamutsira zonse m'zaka za m'ma 1300 n'kusintha mayina. Asano anakhala Enya Hangan, Kira anakhala Ko no Moronao, mtsogoleri wa asilikali Oishi Kuranosuke anakhala Oboshi Yuranosuke. Koma taonani zovala m'zithunzi za seweroli. Pa phewa la Enya pali nthenga ziwiri za kabawi zopingasana, chizindikiro chenicheni cha banja la Asano. Pa Yuranosuke pali timadontho tiwiri ta michira tothamangitsana mozungulira, chizindikiro chenicheni cha Oishi. Pakamwa pakunena kuti ndi nkhani yamakedzana, chovala chikunena kuti ndi ija mukuidziwa ija. Malaya a mano a sowo akuda ndi oyera amene asilikaliwo amavala m'zithunzi anachokera pa nsanja ya zisudzo, ndipo lero aliyense ku Japan akangoona manowo amadziwa nkhani yake.

Masana tinapita ku Asakusa. Kuseri kwa kachisi wa Sensoji kuli chiboliboli chamkuwa cha Danjuro wachisanu ndi chinayi mu sewero la Shibaraku, manja a chovala chake ali otambalala ngati zitseko, timabokosi titatu tija titadzaza pamenepo. Choyamba chinasungunulidwa pa nthawi ya nkhondo mu 1944, chimene chilipochi anachiimika mu 1986. Ukayenda pang'ono kuchokera apo umafika pamene panali Saruwaka-cho. Lero ndi misewu wamba, patsala miyala ya chikumbutso basi.

Kumeneku n'kumene boma linathamangitsira nyumba zitatu za zisudzo kuyambira mu 1842, pa nthawi ya nduna Mizuno Tadakuni, amene ankaona kuti anthu wamba anyanya kusangalala. Chaka chomwecho Danjuro wachisanu ndi chiwiri anapirikitsidwa mu Edo chifukwa cha moyo wa mwanaalirenji, ndipo zithunzi za ochita zisudzo zinaletsedwa. Chithunzi chilichonse chinkayenera kale kukhala ndi chidindo cha oyang'anira kuyambira cha m'ma 1790, ndiye kuzemba kunali kovuta. Apa m'pamene Utagawa Kuniyoshi anaonetsa kuti ndi dolo. M'zaka za m'ma 1840 anajambula amphaka, nsomba ndi akamba okhala ndi mphuno, maso ndi zibwano zimene aliyense wokonda zisudzo ankazidziwa. Chiletso chitayamba kufooka anatulutsa chithunzi chooneka ngati zolembalemba za ana pakhoma la nkhokwe, mizere yokhotakhota mwadala, chikhalirecho nkhope iliyonse ndi ya katswiri wodziwika. Kwa zaka zambiri pambuyo pake zithunzi zinkatuluka ndi dzina la munthu wa m'sewero lokha, la katswiri palibe, ndipo malonda sanagwe, pakuti ogula anali ataphunzira kale kuwerenga chibwano.

Aphunzitsi anati, "Boma linkaopa kapepala ka mtengo wa mbale ya soba. Ukaganize zimenezo usiku uno, mwana wanga."

Lachisanu, Waseda

Pa yunivesite ya Waseda pali nyumba yosungira mbiri ya zisudzo, ya dzina la Tsubouchi Shoyo, yotsegulidwa mu 1928. Ili ndi zithunzi zodinda zoposa 45,000, koma zambiri munthu amazionera pa kompyuta chifukwa kuwala kumazifwifwitsa. Utoto wina wakale unkachokera ku maluwa, ndipo wapepo ndi umene umathawa msanga, moti m'zithunzi zambiri zakale unasanduka wotuwa.

Ndinathera nthawi pa shini-e, zithunzi za maliro. Katswiri akamwalira, osindikiza ankathamanga kutulutsa chithunzi chake m'masiku ochepa, nthawi zina mwaphuma mpaka kulakwitsa zaka zake. Zizindikiro zake sizisokoneza: chovala chabuluu wotuwira, mikanda ya mapemphero m'manja, duwa la lotus, dzina latsopano limene wansembe wachibuda amapatsa womwalira, tsiku la imfa ndi kachisi kumene waikidwa. Utoto wa kumaso kawirikawiri palibe. Pa anthu awiri aja watsala mmodzi.

Danjuro wachisanu ndi chitatu, mwana wa wopirikitsidwa uja, anadzipha ku Osaka mu 1854 ali ndi zaka 32 mwa kawerengedwe ka kuno, ndipo zithunzi za maliro ake zinatuluka zambirimbiri. China chinatengera chithunzi chopatulika cha imfa ya Buddha, pamene ophunzira ndi nyama amalira momuzungulira. Apa olirawo ndi akazi, atsikana ndi agogo omwe. Wina akhoza kuseka, koma ine chinandikhudza: anthuwo analibe njira ina yaikulu yonenera kukula kwa chisoni chawo.

Loweruka, Kyoto

Sitima ya Shinkansen inatifikitsa kuno m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Pafupi ndi mlatho wa Shijo pali chiboliboli cha mkazi wanyamula lupanga ndi chokupizira mphepo. Ndi Izumo no Okuni, amene anayambitsa kabuki mu 1603 mumzinda uno, ndipo mbiri yake imamangirizidwa ku mchenga wa mtsinje wa Kamo. Ankavina atavala zachimuna. Mu 1629 boma linaletsa akazi pa nsanja, mu 1652 linaletsanso anyamata aang'ono, ndipo amuna otsalawo anawalamula kumeta tsitsi la patsogolo kuti asamakope anthu.

Osewera akazi anayamba kuphimba pometedwapo ndi kansalu kapepo, ndipo kansalu kameneka kali pamphumi pa "akazi" ambiri m'zithunzi. Ukakaona, dziwa kuti ndi mwamuna. Chimene chinayamba ngati chobisira chilango chinasanduka chokongoletsera, mpaka anapitiriza kukavala ngakhale mawigi atabwera. Zina zonse za munthuyo zili pa thupi pomwepo. Manja a chovala olendewera mpaka pansi ndi a namwali. Nsidze zometa ndi mano odetsedwa ndi za mayi wapabanja. Lamba womanga kutsogolo ndi wa mkazi wa m'nyumba zosangalatsa amuna. Kwa amuna, pakati pa mutu pometedwa bwino pamajambulidwa pabuluu, kusonyeza munthu wa pantchito. Pakamera tsitsi ndiye kuti alibe mbuye, ndi wakuba, kapena wadwala nthawi yaitali.

Tsidya lina la msewu, pa nyumba ya zisudzo ya Minamiza, akweza kale matabwa a mayina a akatswiri a zisudzo za December. Zilembo zake n'zonenepa, zothinana, michira yake yopindikira m'kati. Amalemba choncho kuti mipando isatsale yopanda anthu, ndiponso kuti odutsa akokeredwe m'nyumba. Pamwamba pa dzina lililonse pali chizindikiro cha banja.

Lamulungu, Osaka

Kanyumba ka Kamigata Ukiyo-e Museum kali pafupi ndi kachisi wa Hozenji, mtunda wochepa kuchokera ku Dotonbori kumene kunali nyumba za zisudzo. Zithunzi za ku Osaka pafupifupi zonse ndi za ochita zisudzo, ndipo ambiri mwa ojambula ake anali amalonda okonda kabuki, ojambula chifukwa cha chikondi. Ankadinda zochepa koma mosamala. Chiletso chija chitapepuka cha m'ma 1847, Hirosada anatulutsa zithunzi zazing'ono zokhala ndi utoto wonyezimira ngati golide ndi siliva, n'kumazipatsa mitu yonena za kukhulupirika ndi kumvera makolo kuti oyang'anira asavute.

Ngwazi ya kuno si yoponda pansi mwamphamvu ngati ya ku Edo. Ndi mwana wa munthu wolemera amene wawononga chuma pa mkazi, makolo amutaya, koma ulemu wa kubadwa kwake sunamuchoke. Kaseweredwe kofatsa kameneka anakakhazikitsa Sakata Tojuro woyamba, amene anamwalira mu 1709. Chizindikiro chake ndi kamiko, chovala cha pepala chimene ankavala osauka. Ndinayang'anitsitsa chithunzi cha Izaemon akubwerera kwa wokondedwa wake Yugiri: chipewa chaudzu chaphimba nkhope, chovala ndi cha zigamba zakuda ndi zapepo, ndipo pa zakudazo pakuyenda zilembo zowala. Ndi makalata achikondi a mkaziyo, ndiwo wasoka kukhala chofunda. Pa nsanja chovalacho chimakhala cha silika wodula, koma wosewera amayenda mosamala ngati chingang'ambike, ndipo wina akachikoka amadandaula. Umphawi wake, chifukwa cha umphawiwo, ndi munthu amene akumuganizira, zonse wazivala nthawi imodzi. Mwa zizindikiro zonse za sabata ino, ichi ndi chimene ndikuchiona chakuya kwambiri. Tojuro atakalamba anapereka kamiko wake kwa womulowa m'malo anthu akuona.

Madzulo ndinagula chithunzi chimodzi m'shopu ina, tsamba limodzi la Toyohara Kunichika amene anamwalira mu 1900. Kufiira kwake n'kwa utoto wa mankhwala umene unayamba kubwera kuchokera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1860, kowala mobaya maso, ndipo zoterezi n'zotsika mtengo chifukwa zinatsala zambiri. Mayi a m'shopu anachikulunga n'kulangiza kudzera mwa aphunzitsi kuti chisapindidwe, chisamatidwe ndi guluu, chizikhala pakati pa mapepala awiri kutali ndi dzuwa, ndipo nyengo ya mvula ndizichiyang'ana kuopa nkhungu. Ndege yanga inyamuka mawa usiku pa bwalo la Kansai.